Mercator ndi mapu omwe amachepetsa Africa

Mwana wanu akabwera ndi mapu a dziko lonse kuchokera kusukulu, muuzeni aloze Greenland ndi Africa. Pa mapu ambiri malo awiriwa amaoneka ngati ofanana kukula, pomwe Africa imaposa Greenland pafupifupi ka 14. Gwero la zimenezi ndi ntchito ya Gerardus Mercator.

Mercator anabadwa mu 1512 ku Rupelmonde, komwe lero ndi ku Belgium. Bambo ake anali osoka nsapato. Anaphunzira pa yunivesite ya Leuven, ndipo katswiri wina, Gemma Frisius, anamusula pa masamu ndi zakuthambo.

Mu 1538 anatulutsa mapu ake oyamba a dziko lonse. Dzina loti America linali litalembedwa kale ndi Martin Waldseemüller mu 1507 polemekeza Amerigo Vespucci, koma pa chigawo chakumwera chokha. Mercator analilembanso pa chigawo chakumpoto.

Mu 1544 anamangidwa pomuganizira kuti akutsutsana ndi chiphunzitso cha tchalitchi. Anakhala m'ndende miyezi 7, ndipo ena omwe anagwidwa nthawi yomweyo anaphedwa. Mu 1552 anasamukira ku Duisburg, ku Germany.

Kumeneko, mu 1569, anajambula mapu othandiza amalinyero kuti asamasochere panyanja. Kuti mumvetse vuto lomwe anali nalo, sendani lalanje n'kuyesa kuyala khoko lake patebulo. Silingayalike popanda kung'ambika kapena kutamuka. Dziko nalonso n'lobulungira. Mercator anasankha kulitamula, n'cholinga choti woyendetsa sitima akalemba mzere wowongoka pa mapu, azingotsata mbali imodzi pa kampasi mpaka kukafika. Zotsatira zake, maiko akutali ndi ikweta anafufuma, pomwe Africa, yomwe ikweta imadutsa pakati pake, inaoneka yochepa poyerekeza nawo.

Mu 1590 anadwala sitiroko yomwe inapha ziwalo za mbali yakumanzere, ndipo anamwalira mu 1594. Chaka chotsatira mwana wake Rumold anasindikiza buku lake la mapu lotchedwa Atlas, dzina lomwe mabuku a mapu amadziwika nalo mpaka pano.

Choncho mwana akafunsa za kukula kwa Africa, musadalire mapu apakhoma okha. Pemphani aphunzitsi amuonetse mapu obulungira ngati mpira, chifukwa ndi amene amasonyeza kukula kwenikweni kwa maiko.