Al-Khwarizmi, katswiri amene adalinganiza mbali ziwiri za sikelo

Mwana aliyense wa kusekondale, kaya ku Mangochi, ku Nkhotakota kapena ku Mikolongwe, amakumana ndi phunziro losamutsa manambala kuchoka mbali imodzi ya samu kupita mbali inayo mpaka chimene akufunacho chitatsala chokha. Ambiri amaliyesa nzeru ya Azungu, chonsecho dzina lake, aljebra, lidachokera pa mutu wa buku la Msilamu, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, Allah amuchitire chisoni.

Mkuluyu adabadwa cha m'ma 780, ndipo dzina lakelo limaloza ku Khwarazm, dera la kummwera kwa nyanja ya Aral, kumene lero kuli Uzbekistan ndi Turkmenistan. Ntchito yake adaigwirira ku Baghdad, mu Bayt al-Hikma, Nyumba ya Nzeru, m'masiku a Khalifa al-Ma'mun amene adalamulira kuyambira 813 mpaka 833. Kumeneko, cha m'ma 820, adalemba buku lalifupi la kawerengedwe ka al-jabr ndi al-muqabala.

Al-jabr ndi kubwezeretsa chimene chachotsedwa, ndipo Aluya amatchulanso motero ntchito yolunzanitsa fupa lothyoka. Ngati nambala yosadziwika, itachotsedwa 5, yatsala 12, mumabwezera 5 uja mbali zonse ziwiri, ndipo nambalayo imaonekera kuti ndi 17. Al-muqabala ndi kuyang'anitsa mbali ziwirizo n'kuchotsa zofanana kuno ndi uko. Zili ngati sikelo ya wogulitsa usipa: chimene mwaika kapena kuchotsa m'mbale imodzi muchitenso m'mbale inayo. M'bukulo mulibe x kapena y. Zonse adazifotokoza m'mawu. Chosadziwikacho ankachitcha shay', kutanthauza chinthu, ndipo manambala wamba ankawawerenga ngati ndalama za dirham.

N'chifukwa chiyani munthu wotere adataya nthawi pa zimenezi? Yankho lili m'chigawo chachikulu chomaliza cha bukulo, chimene chimakamba za chuma cha masiye ndi wasiya. Qur'an idakhazikitsa magawo a olowa m'malo mu Surat an-Nisa, koma ngongole ndi wasiya zikalowapo, kuwerengera kumavuta, ndipo pamene kuwerengera kwavuta wamphamvu ndiye amadya. Tiyerekeze bambo amene wasiya K500,000, ngongole ya K100,000, mwana wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, mkazi ndi makolo ake atatsogola kale. Gawo la mwana wamkazi tilitche chinthu. Wamwamuna alandira zinthu ziwiri, aakaziwo chimodzi aliyense, zonse pamodzi zinayi. Zinthu zinayi kuphatikiza ngongole zikufanana ndi K500,000. Chotsani ngongoleyo mbali zonse, patsala K400,000. Gawani panayi, chinthu chija ndi K100,000. Apa palibe malume kapena mchimwene wa malemu amene angaonjezere lake. Nditaona mmene amasiye amalandidwira katundu m'midzi mwathu, ndimati samu imeneyi iyenera kuphunzitsidwa kumadrasa pamodzi ndi malamulo a mirathi, kwa anyamata ndi atsikana omwe.

Al-Khwarizmi sadalekere pomwepo. Adalemba za manambala a ku India, amene ndi makolo a manambala tikulembawa, adakonza matebulo a kayendedwe ka dzuwa, mwezi ndi nyenyezi otchedwa Zij al-Sindhind, komanso buku la maonekedwe a dziko lapansi, Surat al-Ard, mmene adakonza zina mwa zolakwika za Ptolemy. Adamwalira cha m'ma 850.

Patapita zaka pafupifupi 300, mu 1145, Robert wa ku Chester adamasulira buku la al-jabr m'Chilatini ali ku Spain, ndipo lidafalikira m'masukulu a ku Ulaya. Dzina la mwini wake alembi a kumeneko adalipotoza kukhala Algoritmi, kumene kudachokera mawu oti algorithm amene akatswiri a makompyuta amatchula tsiku ndi tsiku. Buku la Chiarabu lolembedwa pamanja likusungidwa ku Oxford, ndipo ndi limene Frederic Rosen adalimasulira m'Chingerezi mu 1831.