Levi Strauss: Wamalonda Amene Telala Anamukhulupirira

Ambirife tili ndi jinzi, kaya tinagula m'sitolo kaya pa kaunjika, ndipo dzina la Levi's si lachilendo kwa ife. Koma mwini dzinali, Levi Strauss, sanali telala, ndipo si iye amene anatulukira kasokedwe ka thalauzi lotchukali. Iye anali wamalonda amene anthu ankamudalira.

Levi anabadwa pa 26 February 1829 m'banja la Chiyuda ku Buttenheim, m'chigawo cha Bavaria ku Germany. Bambo ake atamwalira ndi chifuwa chachikulu, iye anasamukira ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840, kumene akulu ake awiri, Jonas ndi Louis, ankagulitsa nsalu. Mu 1853, pamene anthu ankakhamukira ku California kukakumba golide, Levi anapita ku San Francisco kukatsegula sitolo yopikulitsa nsalu, zovala ndi mabulangete.

Mmodzi mwa anthu amene ankaoda nsalu kwa iye anali Jacob Davis, telala wa ku Reno, Nevada. Davis anaona kuti mathalauzi a anthu ogwira ntchito zolemetsa ankayamba kung'ambika pa matumba, choncho anayamba kukhomerera timisomali ta mkuwa m'makona a matumbawo. Mathalauziwo anayenda malonda. Poopa kuti matelala ena amubera nzeruyo, ankafuna chiphaso cha boma chosonyeza kuti lusolo ndi lake, koma ndalama zolipirira analibe. Mu 1872 analembera Levi kalata, naulula zonse.

Apa ndi pamene khalidwe la Levi linaonekera. Iye anali ndi chuma, pamene Davis anali ndi nzeru yokha, ndipo nzeruyo inali italembedwa kale m'kalata. Levi akanatha kungoitenga n'kuiyesa yake. M'malo mwake analipira ndalamazo, ndipo pa 20 May 1873 chiphaso chinatuluka m'dzina la Davis pamodzi ndi kampani ya Levi Strauss & Co. Davis anasamukira ku San Francisco kukayang'anira ntchito yosoka. Mu 1890 mathalauziwa anapatsidwa nambala 501, imene ikudziwikabe mpaka lero.

Levi sanakwatire. Mu 1897 anapereka ndalama zolipirira ophunzira 28 pa University of California ku Berkeley. Anamwalira pa 26 September 1902, kampani n'kuisiyira ana anayi a mlongo wake. Gawo lina la chuma chake linapita ku nyumba zosungira ana amasiye za Ayuda, Akatolika ndi Apulotesitanti.

Ku tchalitchi tikamva za ukapitawo, maganizo athu amathamangira ku chakhumi ndi zopereka. Koma ukapitawo umayambanso ndi mmene timasungira chinthu chimene mnzathu watiikiza. Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tidzagwira ndalama za ena, ndipo wina wochepa mphamvu adzatiuza nzeru yake asanaiteteze. Tsiku limenelo, Mulungu atithandize kuchita naye mwachilungamo monga Levi anachitira ndi Davis.