Mai Musodzi: Mayi wa ku Mbare Amene Anateteza Ulemu wa Odwala

Mai Elizabeth Maria Musodzi anabadwa cha m'ma 1885 kufupi ndi Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Makolo awo anafa pa nkhondo ya mu 1896 ndi 1897, pamene Ashona ndi Andebele anaukira atsamunda. Ali mwana wamasiye, anakakulira ku mishoni ya Akatolika ya Chishawasha, kumene anabatizidwa mu 1907. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi a Frank Ayema, wapolisi wochokera ku dziko lomwe tsopano ndi Zambia.

Banjali linkakhala mu lokeshoni ya Harare, imene masiku ano imatchedwa Mbare. M'menemo munkakhala anthu ambiri obwera kudzagwira ntchito, ena ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Boma la atsamunda linkaona tauni ngati malo a amuna apantchito basi. Akazi osakwatiwa ankakayikiridwa kuti ndiwo ankafalitsa matenda opatsirana pogonana, choncho ankagwidwa ndi kupimidwa ziwalo zobisika mokakamizidwa. Mchitidwewu unkatchedwa chibeura m'Chishona.

Mai Musodzi sankadana ndi chipatala ayi. Mu 1938 anathandiza kukhazikitsa bungwe la amayi la Harare African Women's Club ndipo analitsogolera. Mamembala ake ankathandizana pa mavuto ndi kuphunzitsana kusoka. Bungweli linalimbikiranso kuti m'lokeshonimo mukhale chipatala cha amayi oyembekezera, momwe muzitumikira amayi ophunzitsidwa ndi a Red Cross.

Chimene mayiwa anakana ndi chithandizo chochititsa munthu manyazi. M'zaka za m'ma 1940, ali m'komiti yolangiza akuluakulu a lokeshoni, anatsutsa zothamangitsa akazi m'tauni, zowamanga popanda mlandu ndiponso zowapima asanavomere. Kutero sikunali kophweka, chifukwa mpando wa m'komitiyo unali pansi pa boma lomwelo limene linkalamula zimenezi. Kukhala chete kukanawasungira mtendere ndi azungu, koma iwo anasankha kulankhulira akazi amene analibe owamvera.

Apa ndi pamene pali phunziro kwa aliyense woyang'anira ntchito za umoyo. Lamulo likhoza kulola chinthu chimene chikumbumtima chikukana. Wodwala amene wapimidwa mokakamizidwa amachita mantha, ndipo tsiku lina akadzadwala amabisa matenda m'malo mopita kuchipatala. Motero kupempha chilolezo, kusunga chinsinsi ndi kulemekeza thupi la munthu ndi mbali ya mankhwala omwewo.

Mu 1947 Mai Musodzi analandira mendulo yaulemu ya MBE. Anamwalira pa 21 July 1952. Holo ya Mai Musodzi ku Mbare imadziwikabe ndi dzina lawo mpaka lero.

Ntchito: Werenganinso ndime yachinayi. Tolani aneni onse osonyeza ulemu mwa kugwiritsa ntchito zambiri ponena za munthu mmodzi, kenaka konzani mafunso atatu othandiza ophunzira anu kukambirana za ufulu wa wodwala.