Amayi Biddy Mason, mzamba amene anayenda pambuyo pa ngolo

Kutali kwambiri, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya mcere, kuli dziko la America. Kumeneko kunabadwa mwana wamkazi m'caka ca 1818. Dzina lake anali Bridget, koma onse ankamuitana kuti Biddy.

Biddy anabadwa ali kapolo. Kapolo ndi munthu amene anthu ena amamugula ndi kumugulitsa ngati mbuzi. Amagwira nchito popanda malipiro, ndipo sangacoke pamene akufuna. Nkhanza zimenezi zinasautsanso makolo athu kuno ku Zambezi ndi m'mbali mwa nyanja. Biddy sanaloledwe kupita kusukulu. Sanadziwe kuwerenga kapena kulemba. Koma anaphunzira kuweta ng'ombe, anadziwa mankhwala a zitsamba, ndipo anakhala mzamba, ndiye kuti mayi wothandiza amayi anzake pobereka.

Atakula, Amayi Biddy anali akapolo a munthu wina dzina lake Robert Smith, ku Mississippi. Anali ndi ana atatu, onse aakazi: Ellen, Ann ndi Harriet.

M'caka ca 1848, Smith anamanga katundu wake kusamukira ku Utah. Ulendowo unali wa makilomita pafupifupi 2,700, kuposa mtunda wocoka ku Tete kukafika ku Maputo. Kunalibe galimoto. Anthu ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Kodi Amayi Biddy anakwera ngolo? Iyayi. Iwo anayenda pansi, pambuyo pa ngolo zonse, akukusa ziweto. Fumbi lonse linkathera pa iwo. Harriet anali khanda, Ann anali wamng'ono, Ellen anali ndi zaka ngati 10. Dzuwa likalowa, ena akapuma, iwo ankasonkha moto ndi kuphika. Mayi wina akayamba kumva zowawa za kubereka panjira, ankaitana iwo omwewo. Anayenda motero miyezi yambiri, kudutsa zigwa, mitsinje ndi mapiri.

M'caka ca 1851 anasamukanso, ulendo uno kupyola cipululu mpaka ku San Bernardino, ku California. Tsono ku California lamulo linali litaletsa ukapolo kuyambira 1850. Smith anabisa zimenezi, ndipo anapitiriza kuwagwiritsa nchito. Ataona kuti anthu ayamba kunong'ona, anakonza zothawira nawo ku Texas, kumene ukapolo unali wololedwa. Akadafika kumeneko, ana atatu aja akadatha kugulitsidwa, wina uku wina uko.

Mwayi wake, Amayi Biddy anali atapeza abwenzi. Mmodzi anali Robert Owens, munthu wakuda koma mfulu, wogulitsa akavalo. Iye anakauza apolisi, ndipo anthu okwera pa akavalo anakamupeza Smith pamsasa wake kumapiri a Santa Monica.

Mlandu unalowa m'bwalo ku Los Angeles. Nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kupereka umboni wotsutsa mzungu. Lamulo loipa ndithu! Koma woweruza, Benjamin Hayes, anaitana Amayi Biddy m'cipinda cake nawafunsa paokha. Iwo ananena zoona, kuti ankaopa kupita ku Texas. Mu Januwale 1856 woweruzayo anagamula kuti iwo, ana awo, ndi anzawo ena, onse pamodzi anthu 14, ndi mfulu. Pambuyo pake anatenga dzina laciwiri lakuti Mason.

Tsopano nchito yawo inayamba kuwapatsa malipiro. Ankathandiza dokotala wina, John Griffin, kusamala odwala, ndipo ana ambirimbiri a mumzindamo anabadwira m'manja mwawo. Anaphunzira Cisipanishi kuti azimvana ndi anansi awo. Nthomba itabuka, iwo sanathawe odwala. Ndalama zawo ankasunga pang'onopang'ono kwa zaka 10. M'caka ca 1866 anagula malo pa msewu wa Spring Street ndi madola 250. Munthu amene kale ankagulitsidwa, tsopano anali ndi malo akeake.

Mzinda unakula, ndipo malowo anakwera mtengo. Amayi Biddy analemera. Koma pakhomo pawo sipankatha anthu. Anjala ankadya, alendo ankagona. Ankayendera akaidi kundende. Madzi atasefukira ndi kugumula nyumba, anauza mwini sitolo kuti azipatsa ovutika cakudya, iwo adzalipira. M'caka ca 1872, m'nyumba mwawo munayambika chalichi coyamba ca anthu akuda mumzindamo, ca First AME. Anthu ankangowachula kuti Agogo Mason.

Nanga ana awo? Ellen anakwatiwa ndi Charles, mwana wa Robert Owens uja anawapulumutsa. Motero bwenzi linasanduka mbale. Ellen ndi Charles anabereka anyamata awiri, Robert ndi Henry. Makolo awo anawatumiza kusukulu, cinthu cimene agogo awo anamanidwa. Robert anasunga malo a agogo ake, anamangapo nyumba yaikulu yosanjikiza, ndipo anakhala mmodzi wa anthu akuda olemera kwambiri ku Los Angeles. Iyenso anabereka ana aakazi, Gladys ndi Manila. Gladys ndiye ankasimbira anthu za kupatsa kwa agogo a bambo ake. Werengani pa zala: Biddy, Ellen, Robert, Gladys. Ndi mibadwo inayi. Inu mungachule mibadwo ingati ya kwanu? Madzulo ano funsani agogo dzina la amayi awo.

Amayi Biddy anamwalira pa 15 Januwale 1891, ndipo anaikidwa m'manda a Evergreen. Codabwitsa n'cakuti pamanda pawo panalibe ciliza kwa zaka 97. Wodutsa sakanadziwa kuti pagona ndani. M'caka ca 1988, meya wa mzinda, Tom Bradley, anabwera ndi khamu la anthu a chalichi cija, ndipo anaimika mwala wolembedwa dzina lawo. Pafupi ndi pamene panali nyumba yawo anamangaponso khoma lalitali losimba mbiri yawo. Pakhomapo anajambulapo cikwama ca mzamba ndi mawilo a ngolo.