Gus Cannon: nyimbo inafika pamwamba mwini wake atapinyolitsa banjo

Kumayambiriro a 1963, nyimbo yotchedwa Walk Right In inakhala nambala wani pa tchati cha Billboard ku America kwa masabata awiri. Oyimba ake anali The Rooftop Singers, gulu la ku New York. Koma mwini nyimboyo, Gus Cannon, anali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80 yokhala movutika mumzinda wa Memphis. Nkhani imati anali atapinyolitsa banjo yake kuti apeze zowothera m'nyengo yozizira.

Cannon anabadwa mu 1883 ku Red Banks m'chigawo cha Mississippi, m'banja la anthu akuda olima m'minda ya eni ake ngati matenanti. Ndalama yogulira banjo ikanachoka kuti? Ndiye mwanayo anangopanga yake ndi chiwaya komanso chikopa cha kanyama kotchedwa raccoon. Amene munaonapo anyamata akwathu akupanga banjo ya chigubu cha mafuta, nzeru yake ndi yomweyo.

Ali mnyamata anachoka pakhomo n'kumagwira maganyu kocheka matabwa ndi kunjanji. Kuyambira 1914 ankayenda ndi magulu ogulitsa mankhwala m'matauni. Ntchito yake inali kuyimba ndi kuseketsa anthu kuti aunjikane, wamalonda agulitse mabotolo ake.

Nthawi imeneyo ku Memphis kunabuka mabandi a zigubu, omwe Azungu amawatcha jug band. Woyimba amanjenjemeretsa milomo pafupi ndi kukamwa kwa chigubu chopanda kanthu, ndiye chigubucho chimakuza phokosolo n'kumamveka ngati bezi. Cannon ankakoloweka chake m'khosi kuti manja aziyimba banjo nthawi yomweyo. Munthu mmodzi, zida ziwiri.

Atajambulitsa nyimbo ku kampani ya Paramount mu 1927 pa dzina loti Banjo Joe, mu 1928 anayamba kujambulitsa ku Victor ndi gulu lake la Cannon's Jug Stompers, lomwe munali Noah Lewis, katswiri wa harmonica, ndi Ashley Thompson wa gitala. Walk Right In inajambulidwa mu 1929. Pofika 1930 chuma cha America chinali chitagwa, malekodi sakugulidwa, kujambulitsa nyimbo kwa gulu lija basi kunathera pompo. Cannon anabwerera kumaganyu kwa zaka zambirimbiri.

Chomwe chinamupulumutsa n'chakuti lekodi yakale ija inali ndi dzina lake. The Rooftop Singers ataiphulitsa nyimboyo, zinadziwika kuti mwini wake akadali moyo, ndipo anayamba kulandirako ndalama za umwini. Mu 1963 momwemo kampani ya Stax inamujambulira chimbale, Will Shade wa Memphis Jug Band akuyimba chigubu.

Mnzake Noah Lewis sanachite mwayi umenewo. Anamwalira mu umphawi mu 1961, zaka zisanu ndi chimodzi gulu la Grateful Dead lisanaike nyimbo yake ya Viola Lee Blues pa chimbale chawo choyamba cha 1967. Jerry Garcia ndi anzake a gululi nawonso anadzera kubandi ya zigubu, monganso achinyamata ambiri achizungu a m'ma 1960 omwe anaphunzira kuchokera m'malekodi akale a ku Memphis.

Cannon anamwalira ku Memphis pa 15 October 1979, ali ndi zaka 96.

Achinyamata amene mukujambula nyimbo kuchipinda n'kuponya pa WhatsApp ndi TikTok, pali phunziro apa. Zida zotsika mtengo si vuto: chiwaya ndi chigubu zinatulutsa nyimbo yomwe inagwedeza America patapita zaka zoposa 30. Nkhani yagona pa umwini. Musanasaine pepala lililonse, liwerengeni kawiri, ndipo nyimbo yanu mukailembetse ku COSOMA. Nyimbo imatha kudzuka tsiku lomwe simukuyembekezera, ndipo ndalama imatsata dzina lolembedwa.