Robert La Follette: munthu amene anawerengera alimi maina a aphungu ao

Alimi anzanga, mwina dzina la Robert La Follette simunalimvepo. Si mlandu, pakuti munthuyu anali wa kutali, ku Wisconsin m'dziko la America, ndipo anamwalira kale mu 1925. Ndafuna kuti timudziwe cifukwa ca cizolowezi cake cimodzi cimene poyamba cimaoneka ngati cogwetsa ulesi: kuimirira pamaso pa khamu la alimi ndi kuwerenga maina.

Tiyambe tamvetsa za boma la kumeneko. America ali ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciriconse ciri ndi boma lakelake: bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, aphungu opanga malamulo, makhoti ndi misonkho yake. Kuno kwathu nduna ya cigawo imaikidwa ndi Pulezidenti ndipo malamulo onse amapangidwa ku Lusaka. Kumeneko ai. Nkhani zambiri za masukulu, misewu ndi msonkho wa munda, mlimi wa ku Wisconsin amaziyang'ana ku Madison, likulu la cigawo cake, osati ku Washington.

A La Follette anabadwa pa 14 June 1855 pa munda wa makolo ao ku Primrose. Atate ao anamwalira iwo asanakwanitse caka cimodzi, ndipo anakula akulima ndi kugulitsa zokolola. Anatsiriza maphunziro pa Yunivesite ya Wisconsin mu 1879, nakhala loya mu 1880. Caka comweco anasankhidwa kukhala loya wa boma woimba milandu m'dera la Dane, atayenda khomo ndi khomo pa ngolo ya kavalo kupempha mavoti. Mu 1884 anasankhidwa kupita ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington. Masiku amenewo anali munthu womvera cipani cake ca Republican monga ena onse.

Mu 1890 anagwa pa masankho pamodzi ndi anzao ambiri a cipanico. Cimodzi mwa zifukwa cinali lamulo lochedwa Bennett Law la 1889, lokakamiza kuti maphunziro akuluakulu aziphunzitsidwa m'Cingelezi. Akatolika ndi a Lutheran ocokera ku Germany, amene anali ndi masukulu ao a mpingo, anaona kuti boma likulowerera pa ana ao. Anavota pamodzi, boma linasintha, ndipo lamulolo linafafanizidwa mu 1891.

Caka ca 1891 comweco ndiye cinatembenuza moyo wao. Panali mlandu wa anthu amene kale anali osunga cuma ca cigawo, amene anali kuika m'thumba mwao ciongoladzanja ca ndalama za boma zosungidwa ku mabanki. Woweruza mlanduwo, a Robert Siebecker, anali mlamu wao wa a La Follette. Senator Philetus Sawyer, mwini cuma cambiri ca matabwa ndiponso mkulu m'cipani, anawaitana ku Milwaukee. Monga a La Follette anafotokozera, mkuluyu anawapatsa ndalama kuti akanyengerere mlamu wao. Iwo anakana, nakauza woweruzayo, amene anatula mlanduwo. A Sawyer anakana kuti sizinali ziphuphu, ati anafuna cabe kuwalemba nchito ya uloya. M'cipindamo munalibe mboni. Koma akuluakulu a cipani anawafulatira a La Follette, ndipo iwonso anayamba kufunsa kuti boma la Wisconsin analigwira ndani kwenikweni.

Yankho silinali lobisika. Woimira cipani pa masankho sanali kusankhidwa ndi anthu wamba, koma ndi nthumwi pa msonkhano wa cipani, ndipo nthumwi zikakhala zocepa nkosavuta kuzigula. Makampani a njanji anali kugawa matikiti aulere kwa andale ndi olemba nyuzi. Msonkho wao unali kuwerengedwa pa ndalama zimene kampani yokha yanena kuti yapeza, pamene mlimi anali kulipira molingana ndi mtengo wa munda wake, kaya wakolola kaya sanakolole. Mtengo wonyamulira tirigu kapena mkaka kupita ku msika unalinso m'manja mwa kampani. Tsiku la masankho mlimi anali kuvota ndithu, koma nsima inali itaphikidwa kale kwina.

Kawiri konse, mu 1896 ndi mu 1898, msonkhano wa cipani unawakana kuimira pa mpando wa bwanamkubwa. Sanakhale pansi. Anayendayenda m'zionetsero za ulimi, kulankhula maola awiri kapena atatu, ziwerengero za misonkho ziri m'manja. Mu 1900 anapambana, nalowa pa mpando mu January 1901. Koma kukhala bwanamkubwa si kupanga malamulo, ndipo aphungu a cipani cao comwe anatsekereza zimene iwo analonjeza. Mu 1903 lamulo lakuti njanji zizilipira msonkho pa mtengo wa katundu wao linadutsa, koma lokhazikitsa bungwe loyang'anira mitengo yonyamulira linakanidwa.

Apa ndi pamene panabwera kuwerenga maina kuja. M'nyumba ya malamulo, pa voti yoitana maina, kalaliki amalemba m'buku kuti phungu wakuti wavomera, wakuti wakana. Bukulo silinali lacinsinsi, koma ndani mlimi akanasiya ng'ombe zake kupita ku Madison kukaliwerenga? Pa kampeni ya 1904 a La Follette analitengera kwa anthu. Akafika m'dera, anali kufotokoza kaye lamulo lina ndi cimene likanacita pa thumba la mlimi, kenaka nkuwerenga mmene phungu wa dera lomwelo anavotera, lamulo ndi lamulo. Phungu amene kumudzi anali kulankhula zokoma za alimi, koma ku Madison nkuvotera njanji, analibe pobisala. Ine ndiona kuti nzeru yake inali yakuti sanafunikire kutukwana munthu. Zimene anali kuwerenga zinali zocita za phunguyo mwini.

Mu November 1904 anthu anawasankhanso, ndipo pa voti ya onse anavomereza lamulo lakuti oimira zipani azisankhidwa ndi ovota eni ake. Aphungu atsopano mu 1905 anakhazikitsa bungwe loyang'anira njanji, lamulo lakuti nchito za boma zizipezeka mwa mayeso osati mwa cibale ca cipani, ndi lina loletsa otumidwa ndi makampani kunong'oneza aphungu mseri.

Panalinso thandizo lina losachuka kwenikweni. Mu 1901 a Charles McCarthy anayamba kanyumba ka mabuku ka aphungu, kuti ngakhale phungu wocokera ku munda apeze zimene zigawo zina zinacita pa nkhani imene akufuna, osadalira loya wa kampani kuti amulembere. Aphunzitsi a pa yunivesite nawonso anayamba kuthandiza m'mabungwe a boma.

Sindinena kuti anali munthu wopanda cilema. Anali wouma mutu, wosakhululuka msanga, ndipo wotsutsana naye anali kumuyesa wogulidwa. Anamanganso gulu lakelake lomumvera. Koma mphamvu imene anapereka kwa anthu sinasankhe nkhope: mu 1906, pa masankho oyamba a mtundu watsopanowo a mpando wa bwanamkubwa, munthu amene iwo anamufuna, a Irvine Lenroot, anagonja kwa a James Davidson.

Kuyambira 1906 anali Senator ku Washington. Mu 1909 iwo ndi akazi ao, a Belle Case, amene anali mkazi woyamba kutsiriza maphunziro a malamulo pa yunivesite ya Wisconsin, anayamba magazini imene inali kusindikizanso mavoti a aphungu. Mu April 1917 anali mmodzi mwa masenator 6 okha amene anakana kuti America alowe nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anachedwa wogulitsa dziko ndipo ena anafuna kuwacotsa pa mpando, koma mu 1922 anthu a Wisconsin anawabwezera ndi mavoti oculuka. Mu 1924 anaimira upulezidenti, napeza mavoti pafupifupi mamiliyoni 5, koma anapambana m'cigawo cao cokha. Anamwalira pa 18 June 1925 ali ndi zaka 70, naikidwa ku Madison.

Mpando wao unatengedwa ndi mwana wao Robert, amene anaukhala zaka 21. Mu 1946, pa masankho osankha woimira cipani omwe atate ake anawamenyera nkhondo, iye anagonja kwa Joseph McCarthy, amene sanali mbale wa Charles uja, ndi mavoti pafupifupi 5,000.