Tilghman, msilikali yemwe adasandutsa mchenga kukhala tupa

Aliyense amene adaimapo pa shedi ya owotcherera zitsulo pamsika akudziwa kuti chitsulo chikangodulidwa kapena kubooledwa, m'mphepete mwake mumatsala timinga takuthwa tocheka zala. Kale, ngakhale m'mafakitale akuluakulu a ku Ulaya, timinga timeneti nthawi zambiri ankatichotsa pamanja ndi tupa, chitsulo chimodzichimodzi. Mmodzi mwa anthu omwe adapepuza ntchitoyi ndi Benjamin Chew Tilghman.

Mkuluyu adabadwa m'chaka cha 1821 mumzinda wa Philadelphia ku America. Adaphunzira zamalamulo, koma mtima wake udali pa zofufuzafufuza, zomwe ankachita limodzi ndi m'bale wake Richard.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka m'dzikolo mu 1861, Tilghman adalowa usilikali kumbali ya Kumpoto, ndipo adavulala kwambiri pa nkhondo ya ku Chancellorsville mu 1863. Atachira sadakhale pansi: adavomera kutsogolera gulu la asilikali achikuda, panthawi yomwe azungu ambiri ankawaderera.

Nkhondo itatha adabwerera ku zoyesayesa zake. Mu 1867 adalembetsa njira yopangira mapepala kuchokera ku mitengo pogwiritsa ntchito mankhwala a sulfite, koma omwe adadyerera bwino nzeruyi adali a ku Ulaya.

Dzina lake lidamveka mu 1870, pomwe boma lidamupatsa chiphaso cha umwini wa makina opopera mchenga. Nzeru yake idali yosavuta kuimva: mchenga ukathamangitsidwa mwamphamvu m'paipi ndi nthunzi kapena mpweya, kamchenga kalikonse kamasanduka katupa. Umapala dzimbiri ndi timinga, umayeretsa zitsulo zochokera m'chikombole, ndipo umalowa m'makona momwe tupa singafike. Ena ankalembera nawo maluwa pagalasi ndi maina pamiyala ya pamanda.

Chodabwitsa n'chakuti makina obwera kudzapumitsa tupa adayambanso kunola tupa zomwezo. Tilghman adalembetsa njira imeneyi ku Britain mu 1877, kenaka adatsegula kampani ku Sheffield, mzinda wotchuka ndi mipeni.

Adamwalira mu 1901 vuto lalikulu la makina ake lisadadziwike bwino. Mchenga ukamenya chitsulo umaphwanyika n'kukhala fumbi losaoneka ndi maso, lomwe limakakhazikika m'mapapo ndi kuyambitsa matenda a silicosis. Matendawa sachizika. Anyamata amphamvu ankayamba kubanika atangogwira ntchitoyi zaka zochepa, ambiri n'kumwalira ana awo akadali aang'ono. Mu 1949 dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo loletsa mchenga poyeretsa zitsulo motere.

Nzeru ya Tilghman sidafe ayi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, mafakitale adayamba kugwiritsa ntchito gudumu lozungulira mwaliwiro lomwe limaponya timipira tachitsulo m'chipinda chotseka. Zitsulo zimalowa mbali imodzi zili ndi timinga n'kutulukira mbali ina zitasalala, wantchito ataima panja.